Nyimbo Isaleke Mpaka Chakudya Chithe

Loweruka lina masana, m'kalesitilanti koyandikana ndi pokwerera basi munali anthu awiri okha: mlonda wa pasitolo ya zitsulo, amene anabwera ndi gitala kudzayesedwa ntchito yoyimbira anthu akamadya, ndi mkulu wina wa tayi yofiira, mphunzitsi wa kwaya wopuma, atakhala kutsogolo kwa mbale ya mpunga ndi nkhuku. Mayi mwini malo asanalowe kukhitchini anali atamuuza mlondayo kuti, "Nyimbo isaleke mpaka chakudya cha kasitomala chithe. Mbale ikabwerera kuno ili yodzaza, ndidziwa kuti nyimbo zako zimatseka anthu pakhosi, ndipo ubwerera pageti pako."

Munthu amene watha zaka khumi ndi zisanu akutsekula geti pokhapokha atauzidwa sachotsera kapena kuwonjezera pa mawu a bwana. Anayimba nyimbo yoyamba, n'kulumikiza yachiwiri, n'kulumikizanso yachitatu. Mkulu uja anangopinda manja, akugwedeza mutu mokondwa, supuni ili gone pambali pa mbale.

"Bambo," anatero mlonda chapansipansi, zala zikadali pansambo, "chakudya chikuzizira."

"Ndikudziwa. Pitirizani, achimwene, mukuyimba bwino."

"Zikomo. Koma mukanayamba kudya."

"Ndidya mukamaliza."

"Ine ndimaliza mukadya."

Mkuluyo anaseka pang'ono, poyesa kuti ndi nthabwala za anthu oyimba.

"Ayi, malizani kaye inu. Ine sindikuthamangira kulikonse."

"Inenso sindingathamange, bambo. Ndauzidwa."

"Mwauzidwa chiyani?"

"Kuti nyimbo isaleke mpaka chakudya chanucho chithe."

"Wanena zimenezo ndani?"

Mlonda analoza ndi chibwano kukawindo ka kukhitchini, kumene duku la mayi mwini malo linkaoneka likupita uku ndi uku.

"Aa, amangonena amenewo. Amatanthauza kuti musangalatse anthu."

"Za kusangalatsa anthu sanatchule."

"Chabwino, lekani. Ine kasitomala ndakulolani."

"Pepani, bambo, koma si inu amene mukundilemba ntchito."

Mkulu uja anakonza tayi yake, n'kukokera mpando kutsogolo. Zinaonekeratu kuti nkhani imene ankafuna kunena anali atainenapo kambirimbiri, ndipo am'nyumba mwake anali atatopa nayo kalekale.

"Tamverani, achimwene. Ine ndaphunzitsa kwaya zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndayimbitsa pamaukwati, pamisonkhano, potsanzikana ndi akuluakulu. Mukudziwa chimene ndinkaona ndikacheuka? Masaya. Masaya okhaokha, akukwera ndi kutsika. Ife takonzekera miyezi itatu, ana asasa mawu ndi kuyeserera, koma wina ali kalikiliki kulimbana ndi fupa. Tsiku limene ndinapuma ntchito ndinalumbira kuti ine sindidzatafuna munthu akuyimba."

"Ndiye ndinu aphunzitsi."

"Ndine amene."

"Munalumbira kwa ndani, aphunzitsi?"

"Kwa ine mwini."

"Ooh, ndiye ndi pafupi. Dzipempheni kuti lero lokha."

"Ndadzipempha kale. Ndakana."

Mlonda analowa nyimbo yachinayi akuganiza. Ntchentche imodzi inatera m'mphepete mwa mbale, n'kuyang'ana uku ndi uku, osakhulupirira mwayi wake.

"Nanga ndikatsitsa? Ndiziyimba motsitsa ngati wailesi ya kwa aneba."

"Yotsitsa ndi nyimbobe. Ndipo imeneyo ndiye imafuna kutchera khutu kwambiri."

"Nanga nditatembenukira kukhoma? Sindikuonani mukudya."

"Vuto si maso anu, achimwene. Ndi khutu langa."

"Ndili ndi thonje m'thumbamu. Ndimatsekera mphepo pageti."

"Ndibwere kumalo a nyimbo kudzatseka makutu? Kumeneko ndiye kukunyozani kawiri."

"Ine sindidandaula."

"Ndidandaula ine."

Gitala inapitiriza kulira. Kenako nkhope ya mlonda inawala.

"Aphunzitsi, vuto ndi loti chimene ndikuchitachi ndi nyimbo?"

"Eya."

"Chitakhala kuti si nyimbo, mukhoza kudya?"

"Phokoso ndiye silindikhudza. Ndadyapo pachigayo ine."

Pomwepo mlonda anayamba kuphonya dala. Zala zinkagwa paliponse, mawu akupita kwawo, gitala ikupitanso kwawo. Aphunzitsi anathamangitsa ntchentche ija, n'kunyamula supuni. Inakwera bwinobwino mpaka pachifuwa. Itafika pachibwano inaima, ndipo nkhope ya aphunzitsi inakwinyika ngati alawa ndimu.

"Chala chachitatucho chikwere."

"Ndikulakwitsa dala, aphunzitsi."

"Ndikudziwa, koma ngakhale kulakwitsa kuli ndi malire. Chikwere."

"Chikakwera ikhala nyimbo."

"Chikapanda kukwera chakudya sichitsika. Kwezani. Ayi, osati icho, chinzakecho. Ehee, apo. Tsopano mawu atsatire. Musafinye kukhosi, achokere m'mimba. Mwamva kukoma kwake?"

"Ndamva. Ndiye idyani."

"Ndidye bwanji nyimbo itakoma chonchi?"

Supuni inabwerera pamalo pake. Duku lija linasuzumira pakawindo, n'kuyang'ana mbale, n'kuyang'ana woyimba, n'kubwerera mkati. Mlonda anapitiriza kuyimba.

"Iyi mwayimba kale," anatero aphunzitsi patapita nthawi.

"Ndili nazo zinayi."

"Aka ndi kachitatu."

"Ndimayesa kuti pofika yachiwiri mudzakhala mukutokosa m'mano."

"Pekani ina. Woyimba weniweni sasowa mawu."

Mlonda anayang'ana kudenga, anayang'ana fani imene inkazungulira mwaulesi, koma mawu amene anali mumtima mwake anali amodzi okha. Anawaika m'nyimbo momwemo.

"Idyani, bambo, idyani, nkhuku yazizira. Idyani, bambo, idyani, mpunga wauma. Supuni ili pafupi, dzanja muli nalo, idyani, bambo, idyani."

Aphunzitsi anamvetsera atapendeketsa mutu, chala chikugunda patebulo.

"Mawu ake ndi osauka, koma kolasiyo ikugwira mtima. Bwerezani."

"Mwamva zimene ikunena?"

"Ndamva. Ndi nyimbo ya munthu wovutika. Pa 'yazizira' po mukoke pang'ono, anthu amve kuzizirako."

Mlonda anakoka. Thukuta linali litayamba kudontha pamalaya ake oyera, ndipo m'mimba mwa aphunzitsi munalira mokweza moti onse awiri anachita ngati sanamve.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Tithane nayo nkhaniyi ngati anthu akuluakulu. Ndiwauza amayiwo andiikire m'kabokosi, ndikadyere kunyumba. Mbale ibwerera yoyera, inu mupuma."

"Mumakhala kutali?"

"Kuseri kwa sukulu. Bwanji?"

"Ndimafuna ndidziwe ngati lamba wa gitalayi apirire."

"Mukupita kuti?"

"Anati mpaka chakudya chithe. Sananene kuti chithere muno."

"Munditsatira mumsewu mukuyimba?"

"Ndiziyenda cham'mbuyo pang'ono. Sindikusokonezani."

"Anthu aziti chiyani? Mkulu ngati ine, kabokosi m'manja, gitala pambuyo?"

"Tidzera njira yakuseri."

"Nanga ndikakafika n'kuika mufiriji kuti ndidye mawa?"

Mlonda anaganiza mofatsa, zala zikuyendabe.

"Mawa sindili pantchito. Ndikhoza."

"Akazi anga akakuthirani madzi."

"Bola asathire gitala. Ndi yobwereka kwa alamu anga."

Aphunzitsi anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi. M'zaka zonse za kwaya anakumanapo ndi oyimba besi ouma mutu, koma ameneyu anali wamtundu wina. Sankatsutsa, sankakweza mawu, ankangovomera zonse n'kumapitiriza zomwezo.

"Tamvera, mphwanga," anatero, ulemu wa "achimwene" utatha ndi njala. "M'nyimbo iliyonse mumakhala popumira. Ukafika popumira, ine ndiziponya supuni imodzi. Iwe sunaleke, ine sindinatafune uli mkati moyimba. Wamva?"

"Ndamva. Popumira pakubwera. Konzekani."

Aphunzitsi anadzaza supuni, n'kuiimika pafupi ndi pakamwa.

"Pano."

Supuni inalowa. Koma popumira pa nyimbo imeneyo panali pa kuphethira kamodzi kokha, ndipo nsagwada zisanayambe ntchito, gitala inali itabwerera kale. Aphunzitsi anangokhala duu ndi mpunga m'kamwa, masaya ali tutumu, maso ali pa woyimba, ndime yonse mpaka kolasi. Anayesa kulankhula ndi nsidze. Mlonda anayesa kuti akumuyamikira, ndipo anabwereza kolasi.

Popumira pachiwiri aphunzitsi anameza osatafuna, n'kumwera madzi.

"Ukufuna kundipha? Talikitsa popumirapo."

"Ndikatalikitsa, amayi ayesa kuti ndaleka." Kenako mlonda anafunsa moona mtima, "Koma aphunzitsi, ndiye kuti popumira si nyimbo?"

"Wanena ndani? Popumira ndi nyimbo yeniyeni. Ndakhala ndikuwauza ana zaka zonsezi kuti kukhala chete nakonso kumayimbidwa. Amene sadziwa kupuma sadziwa kuyimba."

"Ndiye kuti mwadya pakati pa nyimbo."

Aphunzitsi anayang'ana supuni. Anayang'ana mlonda. Anaika supuniyo pansi pang'onopang'ono, n'kukankhira mbale pakati pa tebulo, kutali ndi dzanja.

"Wandichimwitsa."

"Ndimangofunsa."

"Ukanafunsa mbale itayera."

"Sindinaganize."

"Zikuoneka."

Apa nsambo imodzi inaduka, n'kupiringizika kumutu kwa gitala. Mlonda sanaphethire n'komwe. Anapitiriza ndi zisanu zotsalazo, koma mawu ake anali atatsika, ndipo atalankhula sanalankhule ngati munthu wotsatira lamulo.

"Aphunzitsi, ndinene zoona. Gitalayi ndaphunzirira pageti, ndikuyimbira maloko ndi galu wa abwana. Galuyo amagona pa nyimbo yoyamba. Zaka zonsezi palibe munthu anakhalapo pansi kuti andimvetsere. Malaya awa andisitira akazi anga m'mawa, ndipo auza kale mzere wonse wa nyumba kuti amuna awo ndi oyimba. Lero mwakhala inu, mwamvetsera mpaka mtima wanga wasangalala. Ndipo ndi inu nomwe mukundichotsa ntchito ndisanaiyambe."

Aphunzitsi anayang'ana malaya aja. Zinawakhudza, ndipo anachita manyazi, koma munthu wouma mutu manyazi ake amatulukira kwina.

"Malayawo asita bwino," anatero.

Pamene awiriwa ankakokana, kunja kunali kukuchitika zina. M'tauni yaing'ono nyimbo ikalira maola awiri osaduka, anthu amafuna kudziwa kuti kwagwanji. Anayamba ndi telala wa khomo loyandikana, tepi ili m'khosi. Kenako analowa anamwino awiri ochokera kuntchito, wometa tsitsi wa patsidya pa msewu, ndi anthu ena amene anatopa kudikira basi. Atakhala pansi anachita manyazi kungokhala, ndiye anaitanitsa chakudya. Mayi mwini malo anatuluka kangapo ndi mbale zofuka nthunzi, ndipo ulendo uliwonse ankaponya diso pa mbale ya aphunzitsi.

"Aphunzitsi," ananong'ona mlonda, "mbale zachuluka."

"Si zabwino zimenezo? Waitana anthu."

"Aliyense ndi kasitomala. Uyu akamamaliza, wina akhala akuyamba. Ine zala sindikuzimvanso."

"Awo adya, usawadere nkhawa. Taona telalayo, wayamba asanakhale n'komwe. Vuto ndi mbale yangayi." Aphunzitsi anakanda pachipumi. "Tabwereza mawu a amayi aja. Monga anawanenera."

"Nyimbo isaleke mpaka chakudya cha kasitomala chithe."

"Anatchula woyimba?"

"Ayi."

"Anatchula wakudya?"

Mlonda anawabwereza mawuwo chamumtima, milomo ikuyenda.

"Sanatchule."

"Wadya chiyani lero?"

"Tiyi, m'mawa."

"Bwera ukhale apa. Ndiyimba ine, iwe udye."

"Chakudya cha kasitomala?"

"Kasitomala wakupatsa."

"Ndiye nditafune inu mukuyimba?"

Aphunzitsi anapuma mozama. Pamenepa m'pamene panali powawa.

"Lumbirolo ndi langa, si lako. Ine nditsinzina. Koma usamveke."

"Fupa ndilisiya."

"Ulisiye ndithu."

"Koma pasakhale mpata, aphunzitsi. Muyambe inu ine ndisanaleke."

"Ukundiphunzitsa kulowa m'nyimbo? Ine?"

Aphunzitsi anaimirira, n'kumanga batani la jekete. Anayamba ndi kung'ung'udza, mawu ali pansi, akutsatira gitala. Atagwirana bwino, anagwedeza mutu, ndipo mlonda anachotsa zala pansambo mosamala ngati akutula dzira. Anatsika pa kansanja ka matabwa kamene ankayimbirapo, n'kukhala pampando wa aphunzitsi, gitala ataitsamiritsa kutebulo.

Aphunzitsi anatsinzina n'kutsekula pakamwa. Palibe amene ankayembekezera kuti m'kathupi kawo koumako mungatuluke mawu otero. Inali nyimbo ya munthu amene waima pokwerera basi tsiku ndi tsiku kudikira mkazi wake amene anapita kukaona makolo, ndipo basi iliyonse ikutsitsa anthu a eni. Mawuwo anadzaza chipinda chonse popanda kukuwa. Telala anaima ndi foloko m'mwamba. Anamwino anasiya kunong'onezana. Mmodzimmodzi anthu anaika masupuni pansi, ndipo wometa tsitsi anapukuta m'maso ndi kansalu kopukutira m'manja. Mlonda anali atanyamula mwendo wa nkhuku, koma unaima usanafike pakamwa.

Pa ndime yachiwiri aphunzitsi anatsekula diso limodzi kuti aone ngati mbale ikutsika. Anatsekula linzake. Panalibe tsaya ndi limodzi lomwe loyenda. Anthu khumi ndi awiri, chakudya chili patsogolo pawo, onse ali duu kumvetsera. Zimenezi anazilakalaka zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mtima wawo unasefukira. Koma pakati pa mzere anaweramira kwa mlonda.

"Idya," ananong'ona, n'kubwerera m'nyimbo.

"Sindingathe, aphunzitsi."

"Chifukwa?" Anayimba mzere wina.

"Mukuyimba."

"Ndakuloleza."

"Pakhosi pakana."

Kwa munthu wophika, chipinda chodyera chikakhala chopanda kulira kwa masupuni ndiye kuti zinthu zavuta. Mayi mwini malo anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja, n'kuima pakati pa matebulo. Anayang'ana mbale imodzi ndi imodzi, zonse zodzaza. Anayang'ana kasitomala ali pansanja. Kenako anayang'ana woyimba wawo, atakhala patebulo ndi mwendo wa nkhuku m'manja.

"Ndinati chiyani ine?"

Mlonda anadzambatuka.

"Nyimbo sinaleke, amayi."

"Nanga mbalezi? Poyamba inali imodzi, tsopano ndi zonse. Ine ndimagulitsa chakudya, sindigulitsa misozi. Tenga gitala yako."

Mlonda sanatsutse. Anabweza mwendo wa nkhuku m'mbale, pamalo pomwe anautenga, anapukuta zala, n'kunyamula gitala. Anali atatembenukira kale kukhomo pamene dzanja linagwira lamba wa gitalayo. Aphunzitsi anali atadula nyimbo yawo pakati pa mzere, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Ukupita kuti? Kwera apo. Liza ija ya nkhuku yozizira."

"Koma amayi anena kuti…"

"Anati utenge gitala. Watenga. Liza."

Mlonda anayang'ana kwa mayi mwini malo. Mayiwo anapinda manja, osavomera, osakana. Mlonda anakwera pa kansanja, n'kuyamba ndi nsambo zake zisanu.

Aphunzitsi anakhala pampando wawo, n'kukokera mbale pafupi. Analowetsa kansalu m'khosi pamwamba pa tayi, anadzaza supuni mpaka mpunga kugwa m'mbali, n'kuiponya m'kamwa woyimba ali pakatikati pa kolasi. Anatafuna mwamphamvu, tsaya likukwera ndi kutsika, kuti aliyense aone. Kenako anatembenukira kwa anthu aja, amene anali akadali duu, n'kuwaloza ndi fupa.

"Nanga inu mukudikira chiyani? Simukuona kuti munthu akuyimba? Idyani."